Lero Ndafufuta Bambo Nkhuwa Kasanu ndi Kawiri

Pa nsanjika yachinayi, mawindo akuyang'ana Cairo Road,
ntchito yanga ndi kuwerenga timawu
timene timauza wantchito wopanda thupi
kuti chida chilichonse n'chachiyani.
Sanakwerepo minibasi ya ku Matero,
sadziwa fungo la fumbi la Okutobala.
Amadziwa zokhazo zimene talemba,
nazikhulupirira ngati mlendo wolozeredwa njira usiku.

Chida choyamba: "Chimasintha udindo."
Chachiwiri: "Chimachotsa udindo."
Mawu awiriawiri basi.
Anawalemba Ganizani Lachisanu madzulo
chikwama chili kale paphewa.

Ndimuyesa pa mndandanda wongokopera,
mayina enieni, koma pano munthu satuluka magazi.
Ndilemba: pa udindo wa Mlonda Wamkulu
pasowa chilembo chimodzi, konza.
Aganiza kanthawi kosakwana kuphethira,
atola chida chachiwiri,
achotsa udindo wonse, alemba wina wosalala,
nandiuza mwaulemu kuti zatheka.

Chilembo chabwerera.
Bambo Nkhuwa asowa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za pageti,
ndalama ya usiku, yunifolomu ziwiri pachaka,
penshoni imene amaiwerengera pa chikhatho,
zonse zinali zopachikidwa pa msomali umodziwo,
ndipo msomali wazulidwa.

Sindingamukalipire. Walakwa chiyani?
Tinamupatsa nkhwangwa ndi singano
osamuuza chosokera n'chiti.

Ndiwonjezera mawu, ndiyesanso. Asowa.
Ndisintha mneni, ndiyesanso. Asowa.
Magetsi athima, jenereta ikhosomola kuseri,
tiyi wanga wagwira khungu pamwamba.
Ulendo wachisanu awasiya pantchito
koma awatsitsa kukhala mlonda wamba,
ngati mnyamata wobwera dzulo ndi kalata ya amalume.

Ndikumbuka amayi anga ku Chilenje.
Zaka zonse ankalemba malipiro a kampani ya matumba,
koma pa pepala anali "wothandiza."
Anapuma ndi penshoni ya wothandiza.
Panalibe makina nthawi imeneyo,
panali munthu ndi cholembera
amene sanafunse.

Tsono ndilemba motalika, mopanda manyazi:
"Chida ichi chimachotsa udindo kotheratu,
ndipo chochotsedwa sichibwerera.
Usachigwire pokonza kalembedwe, chilipo china.
Yamba waona ngati pali munthu pa udindowo.
Ngati alipo, ima. Funsa."

Mayi Tikambenji, abwana, awerama paphewa panga.
Atalika mawuwa, akutero, liwu lililonse timalipira.
Ndiwasonyeza mzere wopanda kanthu
pamene panali dzina la munthu
amene amawatsegulira geti m'mawa uliwonse.
Akhala chete, akonza magalasi.
Chotsa "kotheratu," akutero, enawo asiye.
Ndichotsa. Asowanso, kachisanu ndi chiwiri.
Ndibwezera liwulo iwo akuona.

Tsopano wantchito wopanda thupi aima pakhomo la chida
nalemba: "Pa udindowu pali munthu mmodzi, Y. Nkhuwa.
Ndingokonza chilembo, kapena mukufuna zina?"
Ndiwerenga kawiri.
Ndichonga m'kabokosi kuti wakhoza,
ngakhale ndikudziwa kuti mawa kuli zida zina makumi atatu,
chokweza, chosamutsa, chophatikiza maudindo awiri,
chilichonse ndi mawu ake awiriawiri a Lachisanu.

Nditsika masitepe chifukwa chikepe chafa.
Kunja ogulitsa akupinda zovala pa msewu,
makondakitala akuitanira Chilenje, Chilenje, m'modzi yekha.
Pageti ali chiimire, jekete lofumbutuka m'zigongono,
wailesi yaing'ono ikunong'ona mpira m'thumba.
Mwaweruka mochedwa lero, mwanangu, ntchito inachuluka?
Ndiyang'ana baji pachifuwa pawo,
Mlonda Wamkul,
chilembo chomaliza chikadasowabe.
Pang'ono chabe, atate, nditero.
Alemba nthawi m'buku lawo ndi bolopeni yomangidwa ulusi,
alemba dzina langa lonse, osadumpha chilembo,
nanditsegulira.